Soli yofiira ya nsapato yosoka pamanja: lipoti la ntchito ya ku Ndirande

Zomwe anabwera nazo

Ntchitoyi inafika kushopu kwanga ku Ndirande m'mwezi wa June, chiperoni chili m'kati. Mwini wake ndi mnyamata wa ku Bangwe wosoka mipando ya galimoto. Anali atadzisokera yekha nsapato potengera Air Jordan 1, ija yofiira, yoyera ndi yakuda imene Nike inatulutsa mu 1985, yomwe anthu amaitchula kuti Chicago. Chikopa china anadula ku majekete a kaunjika, china chinali zotsala za kuntchito kwake. Msoko sindinaupeze chilema. Dzanja lozolowera mipando silinjenjemera pa makina. Pomwe panamuvuta ndi pansi.

Soli anachotsa ku nsapato yakufa ya saizi 43 imene anagula mumsika wa Limbe, yoyera yonse. Popeza Chicago pansi pake m'pofiira, anatenga penti wa mafuta wopaka pazitseko n'kupaka. Tsiku loyamba kuvala, penti yense anatsala mumsewu. Nditaipinda soliyo ndi manja ndinaonanso ming'alu popindikira zala, kumanja ndi kumanzere komwe. Labala anali atakalamba, wouma gwa. Ngakhale penti akanagwira, soli imeneyo sikanafika nayo Khirisimasi.

Pempho lake linali limodzi. "Madala, ndikufuna pansi pakhalebe pofiira ngakhale nditayenda wapansi kuchoka ku Limbe mpaka m'tauni." Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, zimenezo penti sangakuchitire, dayi sangakuchitirenso. Tiumba ina." Sanakhulupirire msanga, ndiye ndinayamba ndi kumuonetsa.

Penti ndi dayi

Soli ya Air Jordan 1, monganso ya Air Force 1 ya mu 1982, ndi ya mtundu wotchedwa cupsole. Ili ndi khoma lozungulira. Chikopa chimalowa m'kati mwa khomalo, chimamatidwa, kenako chimasokedwa kuzungulira nsapato yonse. Kufakitale, labala wosaphika amamusakaniza ndi mtundu komanso sulfur, amamuika m'zikombole zachitsulo, n'kumupanikiza pa kutentha kwa madigiri 150 kapena kuposerapo. Choncho kufiira kwa pansi kuja sikuti anachita kupaka. Labalayo ndi wofiira mpaka m'kati, ndipo akamaperepeseka pamatuluka kufiira kwina.

Penti amangokhala pamwamba. Wa pazitseko akauma amalimba, pomwe soli imapindika nthawi iliyonse munthu akaponda, ndiye amasweka n'kumatuka. Chinanso, labala wophika amatulutsa pang'onopang'ono phula lomwe amaikamo kufakitale kuti asamang'aluke ndi mpweya, ndipo phulalo likafika pamwamba penti amasowa pogwira. Penti wa acrylic wopangira zikopa, monga Angelus amene anyamata amaitanitsa kunja, amapindika bwino ndipo pa chikopa ndi m'mbali mwa soli amakhalitsa. Koma sanapangidwe kuti azipondedwa pa miyala ya ku Ndirande.

Dayi ndinamuyesa pa zidutswa za soli ina yoyera ya m'mulu wanga, mwini nsapato akuona. Wonyikira nsalu za thonje anangotsukika ndi madzi. Wa chikopa, uja wa spiriti, analowako koma kunatuluka pinki wothimbirira, ndipo nditakanikiza chidutswacho pa pepala loyera chinasiya chidindo. Pa matailosi a m'nyumba ya eni zikanakhala nkhani. Wa nsalu za polyester, yemwe amafuna madzi otsala pang'ono kuwira, anagwira kuposa anzakewo. Nditadula ndi lezala, mtundu unali utalowa kakhungu kokha, m'kati muli mbee. Ndipo pa nsapato yomata kale, madzi otentha chotero amafewetsa guluu.

Dayi ali ndi malo ake, koma si pano. Amathandiza pa masoli oonekera m'kati, monga a Air Jordan 11 ya mu 1995, pofuna kubwezeretsa kabuluu komwe ena mwa masoli otere amakhala nako akadali atsopano. Ngakhale pamenepo, yambani mwachotsa chikasu ndi kirimu wa peroxide wa m'masaluni, uja wa mphamvu yolembedwa kuti 40 volume, mukulunge m'pulasitiki ndi kuika padzuwa. Mukathira buluu pa soli yachikasu mupeza wobiriwira.

Choumbira

Anthu amayesa zambiri, ndipo zambirizo ndinaziona zikubwera kushopu zitalephera. Resin wa fibreglass wa amakanika okonza mabodi a galimoto amauma ngwee ndipo amasweka pa kupinda koyamba. Silikoni wa m'chubu womatira mabafa ndi wofewa, amang'ambika, ndipo guluu wamba samugwira. Chomatira magalasi a galimoto, chakuda chija, n'cholimba ndithu ndipo ndimachigwiritsa ntchito pokonza chidendene, koma chimauma ndi chinyezi cha mumpweya kuyambira kunja, choncho mukachithira chokhuthala m'kati mumakhala mwamadzi kwa nthawi yaitali. N'chakudanso.

Chomwe chimatheka pakhomo popanda makina opanikizira ndi polyurethane wa mabotolo awiri, gawo A ndi gawo B, yemwe akasakanizidwa amauma n'kukhala labala. Amagulitsidwa potengera kulimba kwake pa muyeso wa Shore A. Ndinasankha wa 70, womwe suli kutali ndi kulimba kwa tayala la galimoto. Wa 40 kapena 50 amakoma kuponda koma amatha msanga ndipo ulusi umamucheka. Wa 90 phazi limamva. Ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg pa basi, pamodzi ndi silikoni woumbira chikombole ndi mitundu iwiri, wofiira ndi woyera. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wotereyu sumangomugula mwachibwana, ndiye ndinamuuziratu mnyamatayo kuti ndalama ya zipangizo ipitirira mtengo wa nsapato zingapo za kaunjika. Anati nsapato za kaunjika sanasoke ndi iye.

Chikombole

Chikombole chimatengera chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Ndinatsuka masoli akale aja, kuchotsa penti wotsalira m'mizere ndi mswachi ndi acetone, mankhwala aja ochotsera penti wa pa zikhadabo, kenako ndinatseka ming'alu ndi mabowo a msoko wakale ndi dongo la pulasitisini, n'kusalaza ndi mpeni. Pomwe mizere yozungulira ija ya pansi pa chala chachikulu inali itaperepeseka, ndinaikumbanso pang'ono ndi kampeni kotentha.

Pakati pa soli panali dzina ndi chizindikiro cha kampani. Ndinazitseka. Mnyamatayo anadandaula, koma apa sindinagonje. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zizindikiro za malonda, lomwe linalembedwanso mwatsopano mu 2018, ndipo chikombole si nsapato imodzi: chimatha kubereka masoli ambiri, mwina m'manja mwa munthu wina amene cholinga chake ndi kunamiza ogula pa msika. Munthu kudzisokera nsapato yovala yekha ndi luso. Chikombole chodinda dzina la eni sichituluka mushopu mwanga.

Silikoni woumbira alipo wa mitundu iwiri, wa platinum ndi wa tin. Wa platinum ndi wabwino, safota ndipo amakhalitsa, koma sagwirizana ndi sulfur. Mukamuthira pa labala wophika wa soli, mbali yokhudzana ndi soliyo imakhala yonanda mpaka kalekale. Ngakhale magolovesi a latex amamuononga. N'chifukwa chake ndinatenga wa tin, yemwe sasamala za sulfur ngakhale kuti amafota pang'ono pakapita nthawi.

Chikombole chilichonse chinali cha mbali ziwiri. Ndinadzaza dongo m'kati mwa soli, kuigoneka pa thabwa mizere ikuyang'ana kumwamba, n'kuizunguliza kabokosi ka matabwa komata bwino m'makona. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa silikoni, ndinathira mpunga wouma m'bokosimo mpaka kukwirira soli, n'kuyeza mpungawo m'kapu. Madzi akanayeza bwino, koma madzi sindiwafuna pafupi ndi ntchito imeneyi, pa chifukwa chomwe chikubwera. Silikoni woyamba ndinachita kupaka ndi burashi m'mizere yonse kuti mpweya usabisalemo, wotsalayo ndinathira kuchokera m'mwamba, kamtsinje kakang'ono, pa kona imodzi, kuti adziyendere yekha. Atauma ndinatembenuza, kuchotsa dongo, kupaka Vaseline pa silikoni yense woonekera, chifukwa silikoni amamatana ndi silikoni mnzake, kenako ndinathira mbali yachiwiri, chitsekerero cholowa m'kati. Chitsekererochi chimatengera timabokosi tija topanda kanthu ta m'kati mwa chidendene, tomwe timapeputsa soli. Ndinachiboola timabowo m'malo okwera kuti mpweya ndi zosefukira zizitulukira.

Za kupaka choletsa kumatana si nkhani yatsopano. Bill Bowerman, mphunzitsi wa othamanga ku University of Oregon yemwe anayambitsa Nike pamodzi ndi Phil Knight, mu 1971 anathira labala wamadzi wa urethane m'chiwaya cha mkazi wake chophikira waffle, makeke okhala ndi timabokosi pamwamba, asanapakemo kanthu, chiwayacho n'kumatana. Soli ya nsapato ya Nike yotchedwa Waffle Trainer, ya mu 1974, inatengera timabokosi ta chiwaya chotere.

Kuthira, ndi nkhani ya chinyezi

Apa ndi pomwe ntchito yotereyi imapsera kapena kupserera kuno ku Blantyre. Gawo A la polyurethane lili ndi mankhwala otchedwa isocyanate. Ntchito yake ndi kugwirana ndi gawo B, koma akakumana ndi madzi amathamangira madziwo n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide. Sipafunika dontho looneka. Chinyezi cha mumpweya, cha m'kamtengo kotakasira, cha m'kapu ya pepala, chonsecho n'chokwanira.

Sindithira m'chikombole ndisanayese m'kakapu. Kakapu koyamba ndinakasiya patebulo m'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba phiri la Ndirande. Pofika madzulo kanali katatupa, ndipo nditakadula pakati m'kati munali mabowo okhaokha ngati mandasi. Soli yotero imang'ambika ndi zala. Kuzizira kunaonjezera vuto: opanga mankhwalawa amayezera nthawi zawo pa madigiri 23, pomwe m'mawa wa June kuno kumazizira kuposa pamenepo, ndiye mankhwala amakhuthala, timpweya ta m'kati timalephera kukwera n'kutuluka, ndipo kuuma kumachedwa, chinyezi n'kupeza mpata wochuluka wolowa.

Kudikira September kukanakhala kwanzeru, koma mwini wake anali ndi ukwati wa mchemwali wake mu August. Ndiye ndinapanga kabokosi koumitsira: katoni yaikulu yokutidwa ndi bulangete, m'kati muli babu lakale lija lotentha ndi timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato, nditatiumitsa kaye pa chiwaya. Magetsi akazima, ndinkaikamo njerwa yootcha yomwe ndaitenthetsa pa mbaula kunja. Zikombole zinagonamo kaye zopanda kanthu. Zimenezi n'zofunika pa silikoni wa tin, chifukwa akamauma amatulutsa mowa ndi chinyezi zomwe zimaononga khungu la polyurethane. Opanga ena amalangiza kutenthetsa chikombole pa madigiri 65 kwa maola anayi chisanagwire ntchito. Mabotolo nawo ankalowa m'bokosimo kuti afunde. Makapu anali a pulasitiki, chotakasira chinali mpeni wakale wa patebulo. Kuthira kunkachitika masana, dzuwa likatuluka, ndipo botolo linkatsekedwa msangamsanga ndikangotunga. Kakapu kotsatira kanatuluka kosalala, kopanda bowo.

Mtundu nawo uli ndi msampha womwewo. Penti wa acrylic ndi wa madzi. Mukamuthira mu polyurethane kuti afiire, mwathira madzi ndi dzanja lanu. Pamafunika mtundu wopangidwira polyurethane, ndipo usapitirire magawo atatu pa 100 a kulemera kwake, apo ayi labala amafooka. Ndinayesanso oxide wofiira wa ufa, uja wa pa simenti, nditamuumitsa pa moto. Amagwira ntchito ndipo ndi wotchipa, koma kufiira kwake n'kwa njerwa. Mnyamatayo anangoyang'ana n'kunena kuti, "Madala, ameneyu ndi mtundu wa pakhonde." Tinabwerera ku wa m'botolo. Ndinasakaniza mtundu m'gawo B lokwanira masoli onse awiri nthawi imodzi, kuti kumanja ndi kumanzere kusasiyane.

Kuchuluka kwa mankhwala ndinakupeza poyeza soli yakale pa sikelo ya magalamu ndi kuonjezerapo pang'ono. Wofiira ndiye anayamba, wongokwanira kudzaza mizere ndi kukwera pang'ono m'mbali. Vuto lake ndi loti soli si yathyathyathya. Kutsogolo imakwera, pomwe chinthu chamadzi chimafuna kugona mofanana. Ndinkapendeketsa chikombole ndi kukokera wofiirayo kuzala ndi burashi mpaka atayamba kukhuthala n'kusiya kutsetsereka. Kenako kudikira. Woyera amafunika kuthiridwa wofiira akadali wonanda, poti ukamukhudza ndi golovesi akumata koma osatsalira pa chala. Mukafulumira mitundu imalowana. Mukachedwa magawo awiriwo amadzalekana mumsewu. Nditathira woyera ndinalowetsa chitsekerero kuyambira kuchidendene, pang'onopang'ono, mpaka zosefukira zitatuluka m'timabowo, n'kusanjikapo thabwa ndi njerwa.

Zonsezi ndinkachita chitseko ndi zenera zili pululu, nditavala magolovesi a nitrile. Isocyanate amatha kuyambitsa chifuwa cha mphumu chomwe sichichoka. Ndipo acetone ndi mbaula zisakhale chipinda chimodzi.

Kupaka, kumata, kusoka

Polyurethane wamtunduwu amachotsedwa m'chikombole pakatha maola pafupifupi 16, koma mphamvu zake zonse zimakwana pakatha sabata. Ndinasiya masoli m'bokosi lofunda lija sabatayo, kenako ndinadula zosefukira ndi lezala, kutsuka ndi sopo wa mbale, kupukuta ndi acetone pang'ono, ndi kukwecha khoma ndi sandipepa wosalala. Mafuta a silikoni akatsalira, penti amathawa n'kusiya timaso.

Penti anapeza ntchito yake pa khoma la soli, pa zifukwa ziwiri. Mzere wolekanitsa kufiira ndi kuyera unatuluka wokhotakhota kuzala, monga ndinkayembekezera. Tepi ndi penti zinauwongola. Chachiwiri, polyurethane wamba amasanduka wachikasu ndi dzuwa ngakhale muthiremo mtundu woyera, ndipo penti amamutchinga. Tinagwirizana kuti khoma lisakhale loyera mbee koma la kirimu, looneka lakale, monga momwe Nike yomweyo inachitira pa Chicago imene inatulutsanso mu 2022. Kuteroko chikasu chikadzayamba kuonekera popalika, sichidzakhala chachilendo. Ndinapaka mopyapyala kangapo, kuumitsa ndi chowumitsira tsitsi pakati pake, n'kumaliza ndi chotetezera chosawala.

Guluu wachikasu yemwe tonse timagwiritsa ntchito pa msika ndinamuyesa pa kachidutswa. Anamatuka ndi kukoka kwa dzanja. Guluu woyera wa polyurethane ndiye anagwira mpaka chikopa kung'ambika. Ndinakwecha chikopa m'munsi monse molowa m'khoma mpaka khungu lonyezimira litachoka, kupaka mbali zonse ziwiri, kudikira kuti ziume, kutenthetsa, n'kupanikiza phazi lapulasitiki loumbira lili m'kati. M'timabokosi ta chidendene ndinaikamo zidutswa za patapata.

Posoka ndinasamala. Labala wa kufakitale amapirira singano yoboola mwamphamvu, koma woumba pakhomo amatha kung'ambika kuchokera pa bowo. Ndinayamba ndaboola mabowo ozungulira ndi kadirilo kakang'ono mumzere wa msoko, motalikirana pang'ono kuposa a kufakitale, n'kusoka ndi ulusi wa nayiloni wopaka phula, osakoka mopitirira. Pa soli iyi katundu amanyamula ndi guluu. Ulusi ndi wothandizira.

Zotsatira

Ku ukwati anavala. Nsapatoyo ndinaionanso mvula itayamba, ndiponso dzinja litatha. Pansi panali pofiirabe ponseponse, ngakhale pomwe mizere inali itayamba kutha. Kufiira ndi kuyera sizinalekane. Penti wa pa khoma anapalika kuzala za phazi lamanja, lomwe amapondera makina kuntchito, ndipo ndinangopakanso. Kuchidendene kunali kutaperepeseka msanga kuposa momwe soli ya kufakitale ikanachitira, makamaka chakunja, poti amaponda mopendeka. Ndinadulapo n'kumata kachidutswa ka labala wa nsapato, kakuda, komwe sikaoneka munthu akaimirira.

Madandaulo ake anali awiri, ndipo onse ndi oona. Nsapatoyo ndi yolemerako. Ndipo imaterera pa matailosi onyowa, moti tsiku lina la mvula anatsala pang'ono kugwa pakhomo la sitolo. Kukwecha pansi ndi sandipepa wokhakhala kunathandizako, koma sindinganene kuti polyurethane wothira amaluma pansi ponyowa mofanana ndi labala wophika. Wofuna nsapato yosewerera basketball asatsate njira iyi.

Ndinamuchenjezanso za kasungidwe. Nsapato za kaunjika zija zooneka zatsopano koma soli n'kunyenyeka tsiku loyamba, zimakhala za polyurethane wathovu yemwe wadyedwa ndi chinyezi zili chikhalire m'bokosi. Wothirayu ndi wothinana ndipo sanyenyeka msanga chotero, komabe asamaiike m'jumbo pansi pa bedi dzinja lonse.

Pa ndalama, peyala imodzi siingabweze mtengo wa zikombole. Njirayi ili ndi phindu kwa munthu amene adzaumba saizi yomweyo kangapo, kapena amene akufuna mtundu womwe sungapezeke. Wongofuna nsapato yoyendera, ndimamuuza kuti asake soli yamoyo ya mtundu womwe akufuna m'milu ya ku Limbe, kapena timumatire labala wofiira wa mapepala pansi pa soli yoyera, ntchito ya tsiku limodzi.

Mng'ono wake, yemwenso amavala 43, wapempha yake ya pansi pobiriwira. Zikombole zili bwino. Koma gawo A lomwe linatsala ndinalipeza litachita chikhungu pamwamba, m'kati litayamba kugwirana, ngakhale botolo linali lotseka. Dzinja limodzi linakwana kuliononga. Ndamuuza kuti tiitanitsa lina longokwanira ntchitoyo, ndipo tidzathira mu September, m'mawa, kusanatenthe kwambiri, chifukwa kutentha kwa October kumachititsa mankhwalawa kugwirana munthu asanamalize kuthira.